Otsala Agona Kuti?

Pali funso limene eni nyumba pa boma la Mwanza azolowera kufunsa masiku ano, ndipo ine landisowetsa mtendere. Kale munthu wofuna nyumba ya lendi ankafunsidwa kwawo, mfumu yake, kukula kwa banja lake, mwinanso kumene amapemphera. Lero funso loyamba ndi lakuti, "Kodi mumagwira kuti?" Silifunsidwa pofuna kudziwana ayi. Mwini nyumba akufuna amve ngati ndalama zanu zimadutsa pachipata cha m'malire kapena ndi zija zodikira kutha kwa mwezi. Mukayankha kuti ndinu mphunzitsi, amakuyamikirani pa ntchito yabwino, kenaka n'kukuuzani kuti pepani, nyumbayo ena aigwira kale dzulo. Mukati mumalongosola mapepala a mathiraki pachipata, kapena mumakaoda katundu ku Joni, kapena bambo a kunyumba ali ku Cape Town ndipo amatumiza mwezi ndi mwezi, mpando umatuluka m'nyumba, makiyi nawo n'kupezeka. Chimene chimandivuta kwambiri n'chakuti ofunsawo si anthu ouma mtima. Ambiri ndimawadziwa. Ndi omwe aja amayamba kufika pamaliro ndi nkhuni pamutu, omwe aja sangadye nsima mlendo akuyang'ana. Nanga zatheka bwanji kuti ikafika nkhani ya denga, mtima wawo uziyamba wawerengera kaye?

Mlongo wanga amaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi boma. Nyumba imene ankakhala inali ya zipinda ziwiri, ya malata akale koma osadontha, mpopi uli pabwalo pomwepo. Mwini wake anabwera madzulo ena, anakana mpando, n'kukhala pakhonde chipewa chili m'manja. Anayamba ndi za mvula, za matenda a kumudzi, ndipo atazungulira mokwanira anati, "Aphunzitsi, musandione ngati munthu woipa. Kwabwera ena akufuna kulipiriratu miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mtengo wake ndi wina. Inuyo ndikudziwa simungakwanitse, n'chifukwa chake sindikuutchula n'komwe." Mlongo wanga sanalimbane nawo. Anangoti, "Ndamva, bambo." Tsiku losamuka ndinakathandiza kunyamula. Katundu wa mphunzitsi sachedwa kupakira: matiresi, mbaula, ndowa, mipando ya pulasitiki, ndi makatoni a makope a ana a eni ake amene anali asanathe kuchonga. Mwana wake wamng'ono anabwerera m'nyumba kukazula msomali umene ankakolekapo chikwama cha kusukulu, akuti mwina kumene tikupitako kulibe. Anasamukira kutali ndi msewu wa phula, kumene magetsi sanafike, madzi n'kukapopa pa mjigo. Sanachoke m'boma lake, sanawoloke malire alionse, komabe malire ndi amene anamusamutsa.

Yankho lapafupi lilipo, ndipo ndalimva m'maminibasi, kometetsa ndi pamaliro: obwera ndiwo atikwezera lendi. Silopanda pake kwenikweni. Mwanza ndi khomo la dziko. Msewu wa M6 wochokera ku Blantyre kudzera pa Zalewa umathera pachipata chathu, ndipo kutsidya kwake ndi Zobue, kenaka Tete ndi mtsinje wa Zambezi, Nyamapanda, Harare, Beitbridge mpaka Johannesburg. Katundu wambiri wolowa ndi kutuluka m'Malawi amadutsa pano, ndipo aliyense amene amadya za msewu umenewu ayenera kugona penapake: a MRA, a imigireshoni, apolisi, ma clearing agent, osintha ndalama amene amayenda ndi mipukutu ya makwacha, mameticais ndi marandi, madalaivala odikira kuti mapepala atuluke, amalonda amene basi yawasiya. Nyumba zina zimene munkakhala mabanja zinapakidwa penti n'kusanduka maresitihausi, popeza chipinda cholipiritsa pa usiku chimabweretsa zambiri kuposa cholipiritsa pa mwezi. Zonsezi n'zoona. Koma nthawi iliyonse ndikafuna kuvomereza kuti vuto ndi kuchuluka kwa anthu olowa, maganizo anga amakapunthwa pa Kapise.

Chakumapeto kwa 2015 ndi kuchiyambi kwa 2016, anthu a m'midzi ya chigawo cha Tete anayamba kufika pa mudzi wa Kapise m'boma lino, kuthawa kuwomberana kwa asilikali a boma la Mozambique ndi a Renamo. M'miyezi yochepa anapitirira 10,000. Ndinawaona ndi maso angawa. Misasa ya udzu ndi timitengo inali yothithikana moti utsi wa pakhomo lina unkalowa m'nyumba ya mnzake. Amayi ankafola ndi zigubu kudikira madzi dzuwa lili paliwombo, ndipo a Médecins Sans Frontières ankaona odwala malungo m'matenti. Mayi wina amene ndinamupatsa moni anandiyankha m'chilankhulo changa chomwe, ndipo atamva mfunda wanga anati tili pachibale. Mu Epulo 2016 boma ndi bungwe la UNHCR anayamba kuwasamutsira ku Luwani, m'boma la Neno. Eni mudzi wa Kapise anasenza mtolo weniweni: mitengo inadulidwa, madzi anachepa, minda ina inapondedwa. Koma khamu lonse lija silinali kulimbirana nyumba ya lendi ndi mphunzitsi. Panalibe amene akanagogoda kwa mwini nyumba ali ndi ndalama za miyezi isanu ndi umodzi m'thumba. Ngati panali ofuna nyumba zabwino pa boma nthawi imeneyo, anali aja obwera pa magalimoto oyera kudzawathandiza.

Akuluakulu amakumbukira zoposa pamenepa. Pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, Malawi anasunga anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi, ndipo Mwanza, imene nthawi imeneyo inali boma limodzi ndi Neno, inalandira nawo ambiri. Si onse amene anali m'misasa. Ena anangolowa m'midzi. Agogo anga aakazi analozera banja lina malo kuseri kwa nkhokwe, amuna a m'mudzi anathandiza kudula mitengo, amayi n'kumweta udzu, ndipo pasanathe sabata panali nyumba, utsi ukufuka. Palibe anatchula mtengo. Sindikunena kuti masiku amenewo anali okoma. Kunali njala, mantha ndi mikangano ya minda. Ndikungoona kuti dera lomweli linapezera pogona anthu ochuluka chotero pamene malo anali opempha, koma lero, malo atasanduka ogula, likulephera kusunga mwana wake mmodzi wa ntchito ya boma. Ndiye kuti chimene chimakweza mtengo si mapazi owoloka malire. Ndi ndalama zowoloka malire, zikakumana ndi ndalama yathu yofooka pa chitseko chimodzi.

Tinaziona bwino zimenezi nthawi ya njanji. Kampani ya Vale itayamba kutulutsa malasha ku Moatize mu 2011, mzinda wa Tete unatchuka ndi kudula kwa nyumba ndi malo ogona, ndipo ife tinkazimva ngati nkhani za kwa eni. Posakhalitsa zinatipeza. Kuyambira chakumapeto kwa 2012, njanji yatsopano yolowera ku doko la Nacala inayamba kumangidwa kudutsa Chikwawa, Mwanza ndi Neno mpaka ku Nkaya m'boma la Balaka, ndipo ntchitoyo inakoka anthu ochokera ku Portugal, ku Mozambique ndi m'maboma ena a Malawi. Achinyamata athu ambiri analembedwa ntchito, amayi anagulitsa nsima ndi manachesi, ndipo palibe angakane kuti ndalama zinayenda. Eni nyumba nawo anaphunzira mitengo imene anali asanailotepo. Makolo anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo alendo a njanji anakamukadi ntchito itatha. Koma mtengo umene anausiya sunakamuke nawo. Munthu amene walandirapo lendi yaikulu kamodzi amayamba kukhulupirira kuti umenewo ndiwo mtengo weniweni wa nyumba yake. Amalolera kuti ikhale yotseka miyezi ingapo akudikira wina wonga uja, kusiyana n'kuitsitsa kuti alowemo namwino. Lero sitima za malasha zimangodutsa, koma chiyembekezo chimene zinadzala m'mitima ya eni nyumba chidakalipo.

Komabe ndikalingalira mofatsa, ndalama zakunja zimene zasintha kwambiri maonekedwe a Mwanza sizinabwere ndi Apwitikizi kapena madalaivala a ku Zimbabwe. Zabwera ndi ana athu omwe. Ulendo wa ku Joni si wachilendo kuno. Agogo athu anapita ku migodi ndi Wenela, kenaka Theba, n'kubwerako ndi njinga, wailesi ndi ndalama za malata. Ntchito ya m'migodi ija inaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi ambiri amene ankabwerera kwawo, inayambiranso patapita zaka zochepa, n'kudzatheratu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Koma njira sinatsekeke. Mabasi akudutsabe pachipata atadzaza anyamata ndi atsikana okagwira ntchito m'nyumba za anthu, m'magaladeni, m'mashopu ndi pa zomangamanga. Amene wafika bwino, chinthu choyamba chimene amaganiza ndi poloti kumudzi. Ndalama amatumiza pa Mukuru kapena kupatsira wa basi. Ndiye taganizani zimene zinachitika kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuchepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wolandira marandi anagona ndi ndalama zosakwanira poloti, n'kudzuka zikukwanira. Wolandira makwacha anadzuka thumba la simenti litamuthawira kutali. Anthu awiri obadwira mudzi umodzi, ophunzira kalasi imodzi, aima pa malo amodzi: wina akuyeza pokumba maziko, wina akungodziguguda pachifuwa.

Msuweni wanga ali ndi nyumba yotere chakumtunda kwa msika. Ndi yokongola: njerwa zowotcha, malata obiriwira, mawindo a galasi amene timapepala ta kusitolo sitinamatulidwe mpaka lero. Ndimadutsapo kawirikawiri. Pachitseko pali loko wamkulu, udzu wamera mpaka pakhonde, ndipo mavu amanga pakona ya denga. Kuikamo matenanti safuna, akuti adzamuonongera asanaigonemo ngakhale usiku umodzi. Mwini wakeyo amagona m'kachisakasa ka malata kunja kwa Johannesburg pamodzi ndi anzake, kusinthana pogona malinga ndi mashifiti. Nditamudandaulira pafoni kuti nyumba ikungokhala pamene ena akusowa pobisa mutu, anakhala chete pang'ono n'kunena kuti, "Asuweni, inu simunathamangitsidwepo usiku. Tsiku limene adzatiyambenso kuno, ndidzatsikira pa Mwanza ndi chikwama chimodzi. Ndikufuna ndidzakhale ndi chitseko changa chotsegula." Mawu anandithera. Tonse tinawaona mabasi aja akulowa pachipata pambuyo pa ziwawa za mu 2008 ndi 2015, ndiponso mu 2020 nthawi ya Covid-19, anthu akutsika nkhope zili zakugwa, ena opanda ngakhale chofunda. Ndipo kumene iye aliko, mawu amene amamunena ndi omwe aja ife timanena kuno: obwera atilanda nyumba, obwera atilanda ntchito. Munthu mmodzi yemweyo, ku Joni ndi mlendo wosowetsa eni dziko pokhala, kwawo ndi bwana wokweza mitengo ya mapoloti, pamene iye mwini sanagonepo tulo tabwino mbali zonse ziwiri.

Nawonso eni nyumba ndimalephera kuwaweruza ndikakhala nawo pafupi. Azakhali anga amuna awo anamwalira, ndipo chuma chonse chimene anawasiyira ndi mdadada wa zipinda zitatu kuseri kwa nyumba yawo. Alibe penshoni. M'zipinda zimenezo ndi mmene mumachokera feteleza, fizi ya adzukulu ndi mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chimene anakwezera lendi kwa mnyamata wa kabaza amene wakhala nawo nthawi yaitali, yemwe amawatengera kuchipatala ulere akadwala. Anapitiriza kusankha nyemba m'lichero osandiyang'ana. "Mwanangu, simenti sadziwa chibale. Khoma lija likagwa ndi mvula, udzandimangira ndiwe?" Patapita kanthawi anawonjezera motsitsa mawu kuti mnyamatayo sanamukwezere ngati mmene anakwezera enawo, koma enawo asamve. Pamenepo ndinaona zinthu ziwiri zikukokana mwa munthu mmodzi: mtima wakale uja wopatsa malo, ndi mantha okalamba m'dziko limene ndalama imatha mphamvu ili m'manja. Ambiri mwa ofunsa funso lija ali pamenepa. Sakufuna kulemera. Akuopa kudzakhala opemphapempha pa ukalamba wawo.

Chimene chikundiopsa kuposa lendi ndi nthaka. Lendi ikhoza kutsika tsiku lina, koma munda ukagulitsidwa wapita. M'mbali mwa msewu, minda ya manachesi imene inatchukitsa dzina la Mwanza m'misika ya ku Blantyre ndi Lilongwe ikudulidwa kukhala mapoloti. Malo amene anali a mbumba yonse, oyang'aniridwa ndi amalume, amapezeka agulitsidwa ndi munthu mmodzi, enawo n'kudzadziwa ataona lole ikutsitsa njerwa. Malamulo alipo. Lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsa makomiti a malo m'midzi ndi mwayi wolembetsa malo, ndipo kusintha kwa malamulo a malo mu 2022 kunakhwimitsa zogulitsa malo kwa anthu amene si nzika. Koma lamulo limayang'ana chiphaso cha wogula, pamene wogula weniweni kuno ndi Mmalawi mnzathu, wa marandi kapena wa bizinesi ku Limbe. Ndiponso ndani kuno angaloze molimba mtima kuti uyu ndi wakuno, uyu ndi wakutsidya? Malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 anadutsa pakati pa anthu a chilankhulo chimodzi. Alipo amene amagona ku Malawi koma amalima ku Mozambique, alipo amene anabadwira pa chipatala cha Mwanza makolo awo akuvotera kutsidya. Pamwamba pa zonsezi, ifenso tachuluka. Kalembera wa 2008 anapeza anthu osafika 100,000 m'boma lino, wa 2018 anapeza oposa 130,000. Ngakhale chipata chikanatsekedwa lero, ana amenewa akanafunabe pogona.

N'chifukwa chake sindikhulupirira kuti kuthamangitsa anthu kungatichiritse. Mu 2023 boma linalamula kuti othawa kwawo onse okhala m'matauni ndi m'midzi abwerere ku msasa wa Dzaleka ku Dowa, ndipo apolisi ananyamula mabanja m'malole, ana omwe. Ena anaombera m'manja poganiza kuti mashopu ndi nyumba zitsika. Chaka chomwecho chisanathe kwacha inagwa, ndipo zinthu zinakwera, lendi yomwe. Ochotsedwa anavutika, otsala sanapepukidwe. Nyumba sizichuluka chifukwa chakuti wina walira. Zimachuluka zikamangidwa, ndipo apa ndi pamene mtima umandiwawa ndikaona mzere wa mathiraki pachipata. Msonkho umene umatoleredwa pamenepo tsiku ndi tsiku umapita ku thumba la boma. Sindikutsutsa zimenezo, dziko ndi limodzi. Koma tauni imene yasenza chipata cha dziko lonse iyenera kuganiziridwa monga tauni: malo oyezedwa bwino, okhala ndi misewu ndi mipopi, amene munthu wa malipiro a pamwezi angagule pang'onopang'ono, nyumba za aphunzitsi pa sukulu ndi za anamwino pa chipatala, pangano lolembedwa pakati pa mwini nyumba ndi wa lendi, kuti munthu asamangouzidwa madzulo kuti mwezi ukatha atuluke. Zimenezi zikasowa, ndalama yamphamvu ikalowa imangokankha yofooka, popeza zonse zikulimbirana zitseko zomwe zija.

Pali chinthu china chimene opita ndi otsala sitikambirana poyera. Amene ali ku Joni amagwira ntchito mtima uli m'malo chifukwa kuno kuli wina amene akuphunzitsa ana ake, wina akubaya jakisoni mayi ake, wina akukumba manda pakagwa zovuta, wina akulima chimanga chimene banja lake ligule. Ndalama zimene amatumiza zili ndi ntchito chifukwa pali anthu amene sanapite. Nawonso otsalawo amadya za opita: malata ambiri a m'midzi yathu, fizi ya ana ambiri, mabokosi a maliro ambiri, ndi thukuta la ku South Africa. Timadalirana, koma nkhani ya nyumba ikutisandutsa opikisana, ndipo wogonja kawirikawiri ndi amene anasankha kukhala. Ana akuziona zimenezi. Mukafunsa anyamata a Folomu 4 chimene akufuna akalemba mayeso, ambiri satchula ntchito, amatchula pasipoti. Sikuti amadana ndi kwawo. Awerengera, ndipo apeza kuti njira yodzakhalira ndi nyumba pa Mwanza ndi kuyamba wachoka pa Mwanza. Aliyense wa iwo amene zidzamuyendere adzatumiza marandi, adzagula poloti, ndipo osadziwa adzakankhira mng'ono wake m'basi yomweyo.

Sindikufuna chipata chitsekedwe. Chatidyetsa, chinapulumutsa anthu a pa Kapise, ndipo Amalawi nafenso tinathawirapo kutsidya, monga a Mboni za Yehova pamene ankazunzidwa m'zaka za m'ma 1970. Opita azipita, obwera azilandiridwa. Chimene ndikupempha n'chakuti kutsala kusamakhale chilango. Nkhaniyi ndi yofunika kuikamba m'mabwalo a kwa Kanduku, kwa Nthache ndi kwa Govati, ku khonsolo, m'mipingo, ndi m'magulu a pa WhatsApp amene abale athu a ku Joni amasonkherana ndalama za maliro, pakuti iwonso ikuwakhudza. Wogulitsa munda adzifunse kuti adzukulu ake adzamanga pati. Womanga nyumba n'kuikhoma adzifunse ngati palibe mphunzitsi wa ana ake amene angaisamale. Oyendetsa boma awerenge nyumba za antchito awo monga amawerengera mathiraki. Mtsikana amene wasankha kuphunzitsa ana a kwawo ayenera kukwanitsa kulipira denga ndi malipiro a ntchito imeneyo, pafupi ndi sukulu yake, osayamba wakatsuka mbale m'dziko la eni.